Kona ya Apongozi

Aphunzitsi ndi anthu odabwitsa. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu amakhalira kukalipira ana a eni kuti atseke pakamwa, koma akhazikeni iwowo pa benchi Loweruka, muona zakuda. Davison Makina anazidziwa izi mochedwa, atavomera kale ntchito.

Yunivesite ina ya mumzinda inali itatsegula malo ophunzirira ku Phalombe, m'holo ya sukulu ina ya sekondale cha ku Migowi, kuti aphunzitsi a m'mapulayimale azipeza digiri osasiya ntchito. Ankakumana Loweruka lililonse. Davison anali atamaliza digiri yake yachiwiri kalekale, koma digiriyo inkangogona m'sutikesi, mwini wake akupalira nandolo kumunda kwa mkazi wake. Ndiye atamuitana kuti aziphunzitsa za kakulidwe ka maganizo a mwana, sanafunsenso zambiri. Anamutenga moyesa. Anamuuza mosapsatira kuti kumapeto kwa teremu kudzabwera munthu wodzamuonerera akuphunzitsa, ndipo mawu a munthuyo ndiwo adzanene ngati ntchitoyo ili yake kapena abwerere ku khasu.

Tsiku loyamba kunali chiperoni, phiri la Michesi litafundiratu nkhungu. Davison analowa m'holomo atatchena jekete yobwereka, nayika mabuku patebulo, nakweza maso kuti aone anthu ake. Anaona mitu ya imvi, madazi, mawigi, anyamata ongochoka kumene ku koleji. Kenako kumbuyo kwenikweni, pakona, pafupi ndi zenera, anaona duku lobiriwira limene ankalidziwa bwino, pakuti linkayanikidwa pa chingwe chimodzi ndi malaya ake. Anali Mayi Belita Sitima, ahedi a pulayimale ya kwawo kwa Mkhumba, mayi wa mkazi wake Aliness. Apongozi ake.

Maso a Davison anathawira pa bolodi. Mayi Sitima nawo anatembenuza mpando wawo n'kuyang'ana kuzenera.

Davison anali mkamwini. Nyumba yake inali pa malo a mayiwa, ndipo mpanda wa udzu wokha ndiwo unkalekanitsa mabwalo awo awiri. Chikwatirire Aliness, iye ndi apongozi akewo anali asanayang'anepo m'maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'chinangwa. Mawu awo onse ankadzera mwa Aliness. Mbuzi ikadula chingwe, mayiwo ankaima kuseri kwa mpanda n'kunena kuti, "Aliness, uwauze bambo a Lily kuti mbuzi yawo yalowa m'dimba," Davison ali pomwepo akumva ndi makutu ake. Mabanja ambiri anazisiya zimenezi, koma Mayi Sitima anazigwiritsa, ndipo kunena zoona Davison sankadandaula nazo. Ulemu wotere umasunga mtendere. Kungoti amene anauyambitsa sankadziwa kuti kudzabwera digiri ya Loweruka.

"Umadziwa iwe," anatero Davison kwa mkazi wake atafika kunyumba.

Aliness anali akusambitsa mwana wawo Lily m'beseni, ndipo sanakweze mutu. "Ndimadziwa."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndikananena, mmodzi wa inu akanasiya. Inu mwakhala pakhomo mpaka mwayamba kucheza ndi nkhuku. Amayi nawo zaka zawatsalira zochepa kuti apume, ndipo digiriyi akhala akuilota ine ndisanabadwe. Ndikanasankha ndani?"

Davison anangovula jekete ija n'kuipachika pa msomali.

Masabata oyamba zinthu zinkayendako. Davison anaphunzira kuphunzitsa khosi litapendekera kumanzere, maso akuyendayenda pa mizere yakutsogolo ndi pakhomo, osafika kuzenera. Pochoka m'holomo khosi linkakhala litauma ngati wagonera mwala. Koma anthu a m'kalasimo sanali ana. Ambiri anali a m'dera lomwelo, ena anavina nawo pa ukwati wake. Sipanatenge nthawi, aliyense anadziwa kuti pali kona ina imene maso a lekichala safikako.

Oyamba kusamukira kumeneko anali Steve ndi Mcdonald, anyamata awiri ophunzitsa sukulu imodzi ku Nkhulambe. Steve anali wamtali, wa ndevu zometa mwaluso, wa mawu oti akanong'ona kumsika wonse umamva. Mcdonald ntchito yake inali kuseka zimene Steve wanena. Anakoka mipando yawo n'kukaikhazika kumbuyo kwa Mayi Sitima, ndipo anzawo ena anawatsatira. Malowo anawapatsa dzina loti kona ya apongozi. Kumeneko kunkakambidwa za mpira wa ku Ulaya, za mtengo wa nandolo, za amene wapatsa mimba mwana wa m'busa. Kunkadyedwa mtedza wophika, makoko n'kumawazidwa pansi. Foni inkayenda dzanja ndi dzanja, aliyense woiona n'kuphulika nacho chikhakhali.

"Chonde, kumbuyoko, tiyeni timvetserane," ankatero Davison, maso ali pakhomo.

"Kumbuyo kwake kuti, alamu?" Steve ankayankha mokoma, ngati munthu wofunadi kuthandiza. "Tatiyang'anani tidziwe kuti mukunena ife."

Holo yonse inkagwa nacho chiseko. Anthu a ndevu zawo, azimayi oti kwawo ali ndi zidzukulu, kumagwirana m'mapewa misozi ili mbwembwembwe. Davison ankangopitiriza, akufotokoza msinkhu umene mwana amayamba kudziletsa, mawu ake akumira m'phokosomo.

Anayesa nzeru zina. Tsiku lina anapempha onse akumbuyo kuti abwere kutsogolo, popeza mipando inalipo yambiri. Anaiwala kuti apongozi ake sangakhale pamaso pake. Mayiwo sanasunthe, ndipo Steve anakweza mkono. "Ife sitingawasiye okha amayi athu, alamu. Tinaleredwa bwino ife." Anayesa kugwira Steve payekha panja, nam'lankhula ngati mwamuna mnzake. Steve anagwira pamtima, napepesa mpaka kutsala pang'ono kugwada, ndipo Loweruka lotsatira anabwera ndi chimanga chootcha.

Koma chimene chinkamudya Davison kwambiri sichinali Steve. Pansi pa phokoso lonselo ankamva mawu ena, otsika, amene khutu lake linawazolowera kuseri kwa mpanda. Iye akangomaliza mfundo, mawuwo ankayamba, ndipo Madamu Peggy, mnzawo wa mayiwo amene ankakhala nawo moyandikana, ankayankha. Kunong'onezanako ndiko kunkatsegula chitseko. Akangoyamba awiriwo, anyamata aja ankalowerapo, kenako kona yonse. Davison zinkamuwawa. Munthu wamkulu, ahedi athunthu, oti kusukulu kwawo akangotsokomola ana onse amati zii! Ankakamba chiyani chosadikira kuweruka? Mwina ankamuseka iyeyo, mkamwini wodya za m'munda mwawo, lero ati lekichala. Maganizo amenewo akamufikira, choko chinkathyoka m'manja.

"Ukawauze amayi ako," anatero tsiku lina kwa Aliness.

"Ndikawauze kuti chiyani?"

"Kuti m'kalasi muli phokoso."

"Phokosolo sakulimva okha?" Aliness anamuyang'anitsitsa. "Nenani bwinobwino, bambo a Lily. Mukufuna ndikaime pamaso pa mayi wondibala n'kunena kuti akamwini anu akuti ndinu wolongolola? Mawu amenewo ine sindinyamula. Mukapeza ena opepukirapo, mundiuze."

Davison anawafunafuna mawu opepukawo, koma sanawapeze. Kulankhula, alakwira apongozi amene anam'patsa mkazi ndi malo. Kukhala chete, ntchito ipita.

Woonerera uja anabwera mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anali Dokotala Patricia Goodman, mayi wamfupi wa magalasi, wosadziwa aliyense ku Phalombe. Anapatsa moni mwachidule, nakhala pampando wa pafupi ndi khomo, nayika faelo pamiyendo. Malata a holoyo ankalira ndi kutentha. Davison anali atawadandaulira ophunzira ake sabata yapitayo kuti tsiku limodzi lokhali amuchitire chifundo, ndipo onse anavomera ndi mtima wonse.

Anasungadi lonjezo kwa kanthawi. Davison anayamba bwino, Chingerezi chikutuluka chosalala, mwinanso mothamanga chifukwa cha mantha. Ndiye anawamva mawu otsika aja. Madamu Peggy anayankha. Davison anapitirizabe. Anawamvanso kachiwiri. Kenako mpando unakhwekhwereza, Steve ananena kanthu, Mcdonald anayesa kubisa chiseko m'chipewa koma chinam'tulukira m'mphuno. Basi, dziwe linaphulika. Ena ankafunsa chimene chanenedwa, ena ankawafotokozera, ena ankaletsa anzawo mokuwa kuposa olongololawo. Foni ya wina inayamba kuimba nyimbo ya kwaya.

Davison anaponya diso kukhomo. Dokotala Goodman anali atavula magalasi, akuyang'ana kukona kuja, kenako iye, kenako n'kuwerama kulemba. Analemba nthawi yaitali. Davison anaona khasu lake lili chilili kuseri kwa chitseko kunyumba, likumudikira.

Anamenya tebulo ndi dasitala, fumbi la choko n'kuti fuu.

"Zakwana!" Mawuwo anatuluka aakulu moti iye mwini anadzidzimuka. Maso ake anali pakhoma. "Ndinu aphunzitsi kapena ana a sitandade wani? Amene mwayambitsa phokoso kumbuyoko, nyamukani mutuluke. Sindipitiriza kuphunzitsa mpaka mutatuluka."

M'holo munati zii. Foni ija inazimitsidwa.

Davison ankanena Steve, ndipo aliyense ankadziwa kuti akunena Steve. Koma Steve anali atapinda manja pachifuwa, akuyang'ana kudenga ngati munthu wowerenga malata. Mcdonald anatola bolopeni n'kuyamba kulemba mwakhama. Panalibe ananyamuka. Davison anafuna kutchula dzina, koma kutchula dzina kunafunika kutembenuka, kuloza, kuyang'ana komwe kunali duku lobiriwira lija, ndipo khosi lake linakana. Anali atadzimanga yekha ndi mawu ake. Kupitiriza sakanatha, kubweza mawu sakanatha. Dokotala Goodman anayang'ana wotchi, natseka faelo yake pang'onopang'ono.

Ndipo mpando unalira kuzenera.

Davison sanayang'ane, koma anamva zonse: zipi ya chikwama, mabuku akulowa limodzilimodzi, nsapato zafulati zikubwera m'mphepete mwa khoma. Madamu Peggy ananong'ona kuti, "Amayi, ayi," koma nsapatozo sizinaime. Njira yopita kukhomo inkadutsa kutsogolo. Mayi Sitima anadutsa chammbali, nkhope itayang'ana kukhoma, ndipo atafika pafupi ndi tebulo anapinda maondo pang'ono, monga amachitira munthu wodutsa pamaso pa wamkulu. Davison anangoona m'munsi mwa chitenje chawo chikutuluka pakhomo.

Zimene anaphunzitsa pambuyo pake sanazikumbukenso. Chimene anakumbuka n'choti m'holomo munali bata loti ankamva choko chake chikukanda bolodi. Ngakhale Steve anakhala ngati wanyowa ndi mvula.

"Poyamba ndimati kalasi yakukanikani," anatero Dokotala Goodman potsazika, akumugwira chanza. "Koma mwandisangalatsa. Achinyamata ambiri amaopa kudzudzula akuluakulu. Inu ndinu olimba mtima, a Makina." Analowa m'galimoto, fumbi n'kutsala likuzungulira.

Madamu Peggy anamudikira pansi pa mtengo wa mango pomwe ankaimika njinga yake. Anali atagwira m'chiuno.

"A Makina, mukudziwa zimene amandiuza apongozi anu masiku onsewa?"

Davison anaweramitsa mutu.

"Mawu awo ndi amodzimodzi: ati chiyani? Basi. Inu mumaima pa bolodi, ndiye bolodiyo iwo angaiyang'ane bwanji? Amayang'ana kuzenera, akumva ndi khutu limodzi, inu mukuthamanga ndi Chingerezi ngati mukuthawa galu. Ena akapanda kumva amakweza mkono. Iwo akweze mkono kufunsa ndani? Ndiye amafunsa ine, ine n'kuwauza zomwe mwalemba. Makope awo mutawaona mungalire. Anyamata opusawa anangopezerapo pobisala."

"Nanga anyamukiranji?" Mawu a Davison anali osasa. "Sindimanena iwo."

"Zimenezo mukawafunse nokha," anatero Madamu Peggy. Kenako anaseka mowawidwa. "Iii, ndaiwala. Simungathe."

Ulendo wobwerera kwa Mkhumba unatalika tsiku limenelo. Davison ankapalasa ngati akukwera phiri. Ankayembekezera kupeza sutikesi yake ili pabwalo, pakuti akamwini ena anathamangitsidwapo pa zifukwa zochepa kuposa ichi, ndipo mumtima ankaona kuti zikanakhala bwino zikanatero. Koma anapeza zonse zili m'malo mwake, madzi osamba ali kubafa. Aliness maso anali ofiira, ndipo sanamulankhule.

Dzuwa litapendeka, ali khale pakhonde, anamva kutsokomola kuseri kwa mpanda.

"Aliness."

"Wawa, amayi."

"Uwauze bambo a Lily asadye mutu ndi za lerozi. Anafunsa amene anayambitsa phokoso, ndipo woyambitsa ndinali ine. Sananame." Mayi Sitima anatsokomolanso. "Uwauzenso kuti mwamuna akalamula pamaso pa mlendo, pamafunika wina amvere. Anyamata aja sakanamvera. Ndikanakhala pansi, mlendo uja akanapita ndi ntchito yawo m'chikwama."

Davison anaimirira. "Aliness, uwauze amayi kuti ndalakwa. Uwauze abwerere Loweruka. Anyamata aja ndithana nawo."

Aliness sanabwereze mawu a aliyense. Anangokhala pa mtondo pakati pa bwalo, akuyang'ana zala zake.

"Uwauze kuti sindibwerera," anatero mawu a kuseri kwa mpanda, mofatsa. "Ndikabwerera ndidzafunsanso, ndipo ndikafunsa ndiye phokoso. Ndikapanda kufunsa, ndikukatani kumeneko? Komanso aphunzitsi a boma lonse lino amva kale kuti ahedi atulutsidwa m'kalasi ndi mkamwini. Ndikalowanso, anthu azidzabwera kudzaonerera ife, osati kudzaphunzira. Iwo agwire ntchito. Lily akufunika sukulu kuposa agogo ake."

Nsapato zija zinabwerera m'nyumba, chitseko n'kutsekeka.

Ntchito inakhaladi yake. Anamuimbira foni sabata yomweyo. Aliness anati zikomo kwa Mulungu, koma sanalulute. Loweruka lotsatira kalasi inali chete, mpando wa pazenera uli wokha. Loweruka linalo Steve anayamba ndi kunong'ona. Pofika Loweruka lachitatu, mtedza unabwerera, mpira wa ku Ulaya unabwerera, chikhakhali cha Mcdonald chinabwerera. Tsopano Davison ankatha kuyang'ana konayo mmene angafunire. Ankaloza, ankatchula maina, ankakalipa mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Anyamatawo ankati pepani alamu, n'kudikira atembenukire ku bolodi. Phokoso lonse linalipo monga kale. Munthu mmodzi yekha amene ankamvetsera ndiye anali atachoka, ndipo Davison akayang'ana mpando uja ankadzida.

Mayeso anali atayandikira. Lamulungu lina masana, atabwera ku tchalitchi, Davison anamva lichero likulira kuseri kwa mpanda. Apongozi ake anali kupeta nandolo. Anakhala pakhonde akumvetsera kwa nthawi ndithu. Kenako analowa m'nyumba, natenga mabuku ake ndi kampando, nakakhala pafupi ndi mpandawo, atautembenuzira msana.

"Aliness," anatero mokweza, "dzulo tinaphunzira za mmene mwana amayambira kuona zinthu monga mmene mnzake akuzionera. Ndikufuna ndikufotokozere."

Anayamba kuphunzitsa, mpanda uli kumbuyo, nkhuku zili kutsogolo. Ankawerenga Chingerezi, n'kumasulira m'Chichewa, n'kupereka zitsanzo. Lichero lija linkangolirabe, tcha, tcha, tcha, ngati palibe chikuchitika. Davison anamaliza tsamba loyamba, nayamba lachiwiri. Manyazi anayamba kumugwira. Mwina ankangowasokosera. Mwina akanayenera kuwasiya ndi mtendere umene anasankha. Mawu ake anayamba kuthamanga, kuti angomaliza achokepo.

Lichero linasiya kulira. Kunamveka chitseko, kenako mpando ukukokedwa, kenako mapepala a kope akutembenuzidwa.

"Aliness," anatero mawu otsika aja, pafupi kwambiri ndi udzu wa mpandawo, "uwauze asathamange. Abwereze pamene anayambira paja."

Davison anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, nabwerera pa tsamba loyamba. Aliness anali atapita kumjigo ndi mwana kumbuyo iye asanayambe n'komwe kuphunzitsa, ndipo iye ndi apongozi ake onse anali atamuona akutuluka.